Phulusa, Galu Wouwa Masamba

Padangotero, ndipo amene muli maso muvomere kuti tili tonse. Kalekale, mbuzi zisanayambe kumangidwa pazikhomo, kunali Mbuzi wina, mayi wamasiye, amene ankaweta nkhuku nkumagulitsa mazira kumsika. Mayiyu anali ndi galu wake wotuwa, dzina lake Phulusa. Anamutola ali kamwana, namulera ngati wobala yekha. Koma chikondi cha anthu otanganidwa mukuchidziwa. M'mawa uliwonse ankamumangirira pamtengo wa papaya ndi kachingwe kakafupi, kumusisita pamutu, kusenza dengu la mazira, ulendo. Kubwera ndi dzuwa litapendeka.

Ndiye Phulusa ankauwa. Abale inu, ankauwa galu ameneyo! Tsamba likagwa, kuuwa. Gulugufe akadutsa, kuuwa. Nyani wamakalata akadutsa panjinga yake, kuuwa kochita kuimirira ndi miyendo iwiri. Kukakhala kopanda chodutsa, ankauwa podandaula kuti palibe chodutsa.

Mudzi wonse unkamuda galuyo, kupatula mmodzi, Likongwe.

Likongwe anali wakuba mazira, tisabise. Ntchito ina analibe, ndipo sankaifuna. Masana aliwonse ankalowa pachibowo cha pansi pa mpanda, nkudutsa pafupi ndi Phulusa, pamene chingwe chinkathera. Ankapereka moni, "Wawa achimwene," nkulowa m'khola, nkusankha dzira limodzi lalikulu. Phulusa ankauwa mochita ngati kholingo ling'ambika. Kutuluka munthu? Ndani angatulukire galu amene wakhala akuuwa masamba kuyambira m'mawa?

Potuluka, akugubuduza dzira lake, Likongwe ankaimba kanyimbo kake. Kanali kakafupi, konyada, konena kuti ena amafunda bulangete, ena amafunda chiguduli, koma iye amafunda pakamwa pa galu. Pamalo pamene woimba amayembekezera kuti anzake avomere, iye ankasiya mpata, ndipo Phulusa ankauwa kawiri, kuvomera nyimbo yomunyoza osadziwa.

Madzulo Phulusa ankapereka lipoti kwa mbuyake.

"Amayi, lero kunabwera akuba ambiri. Woyamba tsamba. Wachiwiri tsamba lina. Wachitatu gulugufe..."

"Wachita bwino mwanawe, idya ugone," ankatero Mbuzi, mutu ukuwawa. Dzina la Likongwe linkabwera chakumapeto, pambuyo pa mtambo ndi nyerere, ndipo Mbuzi sankafikako. Mazira akachepa, ankati nkhuku zaleka kuikira chifukwa cha phokoso.

Tsono kuseri kwa mpanda kunkakhala Kadzidzi, woweruza milandu. Bwanayu milandu ankazenga ena atagona, iye tulo take nkukhala ta masana. Miyezi itatu yathunthu sanagone. Maso aja mumawaona tong'o aja anayambira pomwepo. Tsiku lina anatuma mesenjala wake, Fisi, wa chipewa cha kaki, kuti akaitane Mbuzi.

"Mayi, galu uja ndi wanu?"

"Ndi mwana wanga, bwana."

"Mwana wanu wandipengetsa. Dzulo ndagamula kuti Kamba ndiye anaba nsapato za Gwape nathawa nazo liwiro. Kamba! Mudzi wonse ukundiseka. Chifukwa chake tulo."

"Pepani bwana, ndimulangiza."

"Ndikukupatsani masiku anayi. Tsiku lachinayi, dzuwa likafika paliwombo, ine ndidzagona. Akadzangouwa kamodzi kokha ndili m'tulo, mesenjala wanga adzamutenga."

"Kumutengera kuti, bwana?"

Fisi ananyambita milomo, nadzisisita pamimba. "Kosungira agalu, mayi. Malo alipo. Ofunda bwino."

Mbuzi anabwerera kwawo akulira. Anakhala pakhonde nkumalankhula yekha, osadziwa kuti Likongwe wabisala pansi pa nkhokwe.

"Akamudya Phulusa wanga, galu wina sindidzawetanso. Ndidzangogula misampha yachitsulo, nditchere kuzungulira khola lonse."

Likongwe anachita tsemwe. Msampha suuwa. Msampha supereka moni. Msampha sulakwitsa tsamba ndi mwendo wa munthu. Galuyo akapita m'mimba mwa Fisi, mazira apita naye limodzi.

"Ayi," anatero mumtima, "bulangete langa asandilande."

Tsiku loyamba Mbuzi anaitana Bilimankhwe, sing'anga wotchuka. Anaitanidwa m'mamawa, anafika dzuwa litakwera, poti kayendedwe kake mukukadziwa. Sing'angayo sanamufunse galuyo kanthu. Diso limodzi kumwamba, lina kumbuyo, nati:

"Amulodza. Wamulodza ndi munthu wa miyendo, amene amadya chakudya."

"Ndani ameneyo, agogo?"

"Mizimu sitchula maina pa nkhuku imodzi. Onjezerani ina."

Anamumangirira Phulusa chithumwa m'khosi, m'kati mwake muli njere zouma. Galu akagwedezeka, njere zija wayawaya. Phulusa anadumpha. Wakuba walowa m'khosi! Anauwa chithumwacho tsiku lonse, akuzungulira mtengo mpaka chingwe chinatha. Bilimankhwe anati mankhwala akulimbana ndi mfiti, natenga nkhuku zake ziwiri, ulendo.

Tsiku lachiwiri anabwera Njati, sajeni wopuma ntchito ya usilikali, mamendulo pachifuwa, chikoti m'manja.

"Galu ndi msilikali, mayi. Amafuna lamulo. Taonani."

Anaima pamaso pa Phulusa, nakuwa: "Chete!"

Phulusa anauwa.

"Ndati chete!"

Phulusa anauwa kwambiri, mchira ukugwedezeka.

"Cheteee!"

Anathana chomwecho, uyu chete, uyu huu, mpaka Kadzidzi anasuzumira pawindo nafunsa ngati Mbuzi wagula galu wachiwiri. Njati atakwiya anamukwapula kamodzi. Phulusa anabisala kuseri kwa mtengo, zii pang'ono, Njati nkutukula chifuwa. Kenaka mantha anamugwira galu uja, nayamba kuuwa ngakhale chithunzithunzi chake chomwe. Njati anachoka mawu atasasa, atamwa chipanda cha mowa cha malipiro.

Masiku awiri apita. Likongwe anaona kuti akadikira akatswiri, adzagona ndi njala chaka chonse. Anatuluka pansi pa nkhokwe, nakhala pamene chingwe chinkathera.

"Achimwene a Phulusa, ndifunseko. Inu mumauwiranji?"

Galu anangoti kukamwa yasa. Kuuwa kunaima pakhosi.

"Ukundifunsa ine?"

"Nanga wouwa ndani?"

"Palibe anandifunsapo chibadwire."

Ndi mmene alili akuluakulu a zikwama ndi mamendulo. Amadziwa matenda ako asanakuone, ndipo ukatsegula pakamwa amati ukuwataya nthawi. Paja safunsa anadya phula.

"Choyamba ndi ntchito," anatero Phulusa. "Ukuona kampata ako pampanda? Ndimaonera pamenepo. Nyani wa njinga uja amabwera tsiku lililonse kudzaba nyumba ino. Ndikauwa, amathawa. Sindinalepherepo ngakhale tsiku limodzi."

"Amangodutsa, achimwene. Njira yake ndi imeneyo."

"Amadutsa chifukwa ndauwa. Ndikanakhala chete akanalowa."

"Chabwino. Chachiwiri?"

"Malipiro."

"Amakulipirani ndani?"

"Kumwamba. Ndikauwa kwambiri, kumagwa mbewa yootcha."

"Tauwani ndione."

Phulusa anakoka mpweya, nauwa kwa nthawi. Posakhalitsa mbewa yootcha inauluka kuchokera kuseri kwa mpanda, phi pamapazi pake, ndi mawu onong'ona: "Landira, utseke pakamwa, bambo agone!" Anali mkazi wa Kadzidzi. Phulusa anatafuna, zii pamene akutafuna, kumeza, nkuyambiranso.

"Waona? Sachedwa. Mabwana abwino."

Likongwe anagwira pamimba kuti asaseke. Nyumba ya woweruza ndiyo inkalipira mlandu umene woweruzayo ankazenga.

"Nanga chachitatu chilipo?"

Phulusa anayang'ana pansi. "Miyendo. Imayabwa, m'bale wanga. Amayi akachoka ndimatsala ndekha ndi mtengo uwu. Ndinauzungulira mpaka ndikudziwa nyerere zake zonse maina. Zimene miyendo ikufuna kuchita, pakamwa ndi pamene pamachita."

"Nanga a Njati aja?"

"Bambo aja ndinawakonda poyamba. Amauwa bwino, mawu aakulu. Tinathandizana ntchito. Sindikudziwa chimene anandimenyera, mwina ndinawaposa."

Madzulo ake Likongwe anasamba kumaso, nakagogoda kwa Mbuzi.

"Odi azakhali. Ndipatseni galuyu masiku awiri otsalawa."

"Iwe? Likongwe pakhomo la nkhuku?"

"Mazira ndinasiya kalekale, azakhali. Amanditulutsa ziwengo."

"Ndiye ufuna ndikulipire chiyani?"

"Chisoni basi. Ndimamumva akulira, mtima umandipweteka."

Mbuzi sanamukhulupirire, koma nkhuku ziwiri zinali zitapita, mowa utapita, ndipo Fisi anali atayamba kuyenda ndi kamchere m'thumba la malaya.

"Yesa. Koma ukayandikira khola, nyanga izi sizokongoletsa."

Tsiku lachitatu Likongwe analawirira. Anatseka kampata ka pampanda kaja ndi udzu, kuti Phulusa asamaone njira. Chibowo chake cha pansi ndiye sanachikhudze, si chitsiru. Kenaka anakwera pampanda, napeza mkazi wa Kadzidzi akukoleza moto wootchera mbewa.

"Mwadzuka bwanji adona?"

"Kudzuka amadzuka amene anagona. Ukufunanji?"

"Mbewa zija mumaponya zija."

"Ndimamutseka pakamwa."

"Mumamulipira, adona. Iye akuti analembedwa ntchito youwa, ndipo malipiro ake sachedwa. Wodwalitsa bwana mutu ndi galu, koma womulemba ntchito ndinu. Kaya bwana akamva adzagamula bwanji."

Adona anagwetsa mpani. "Usawauze! Mwana wa eni iwe, usawauze."

"Ine pakamwa panga mpotseka. Koma kootcha musasiye. Muzingoponya akakhala chete."

"Ndilipire galu chifukwa chosachita kanthu?"

"Ku ofesi ya bwana alipo angati otero, adona?"

Adona anatola mpani wawo, nabwerera pamoto.

Tsono mukuganiza kuti zinatheka pomwepo? Ng'o! Phulusa anauwa monga mwa masiku onse, nayang'ana kumwamba. Palibe mbewa. Anauwanso. Palibe. "Mwina sakumva," anatero, nakweza mawu. Anauwa ngati waganyu amene bwana wake wamuuza kuti abwere mawa. Nkhuku zinathawira padenga. M'nyumba Kadzidzi ankagubuduzika, akutukwana galu, mbuzi ndi papaya yemwe.

Adona anatola mbewa kuti aponye. Likongwe anawagwira dzanja.

"Ndisiye! Bambo akufa!"

"Mukaponya pano mwamuphunzitsa kuti malipiro akachedwa azikweza mawu. Limbani mtima."

Fisi anadutsa panjira, chipewa chili chapambali. "Aphunzitsi, ntchito ikuyenda! Pitirizani choncho. Mawa ndibwere ndi tsabola kapena mchere wokha ukwana?"

Galu anauwa, nauwa, mpaka mpweya unamuthera. Anaima kuti apume, lilime panja.

"Ponyani!" ananong'ona Likongwe.

Mbewa phi.

Phulusa anaiyang'ana, nayang'ana kumwamba. Anadya. Anauwa kuyesa. Palibe. Anakhala chete kuti aganize. Mbewa ina phi. Anayesa kachitatu, kachinayi, kenaka anaitana chapansipansi:

"Likongwe! Kumwamba asintha malamulo."

"Asintha bwanji?"

"Akulipira kukhala chete. Koma ndi ntchito yovuta, m'bale wanga. Ndikangokhala pang'ono miyendo imayamba kuyabwa, pakamwa nkutseguka pokha."

Ndipo panatsegukadi. Kadzidzi sanagone tsiku limenelo. Mbuzi pochokera kumsika anthu anamuchingamira panjira kumuuza kuti phokoso la lero silinamvekepo chiyambire. Anafika pakhomo nyanga zili patsogolo.

"Wamuonjezera! Wandiphera mwana, wakuba iwe!"

"Azakhali, chithupsa chimapweteka kwambiri chikatsala pang'ono kuphulika. Mawa musapite kumsika. Ndipo mupeze fupa lalikulu."

Mbuzi analipeza fupalo. Musandifunse kuti linali la yani.

Tsiku lachinayi, kutangocha, Likongwe anati: "Masulani chingwe."

"Athawa."

"Sathawa. Athamangitsa ine."

Mbuzi anamasula. Phulusa anaima osadziwa chochita ndi khosi lopepuka. Likongwe anamumenya pamphuno ndi mchira, nakuwa:

"Ndine wakuba! Ndigwireni, achimwene!"

Mbuzi anaseka, nati mwanayu amadziwa kusewera. Likongwe anali asananenepo zoona chibadwire, ndipo tsiku limene anazinena palibe anamukhulupirira.

Linali liwiro la mtondo wadooka. Likongwe ankaganiza kuti galu wokulira pachingwe adzatopa msanga. Ananama. Miyendo ija inali itasunga liwiro la zaka zitatu. Mano anati gwa pafupi ndi mchira wake. Likongwe analowa pansi pa nkhokwe, galu pambuyo. Anatulukira kuseri kwa bafa, galu pambuyo. Analowa pachibowo cha pansi pa mpanda, galu anakumba nadutsa. Analowa mumpaipi wa pamsewu, galu anazungulira nakamudikira kotulukira. Njira zonse zimene Likongwe ankasungira tsiku la tsoka anazitulutsa m'mawa umodzi, poti mano anali pafupi ndipo nthawi yoganiza panalibe.

Anabwerera dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, onse awiri ali wefuwefu. Phulusa anamwa madzi beseni lonse, nagwira fupa lake, naligona pamwamba, maso akulemera.

"Likongwe," anatero, "miyendo yasiya kuyabwa."

"Yanga yathyoka," anayankha Likongwe.

Dzuwa paliwombo. Kadzidzi anatseka windo. Mudzi wonse unasonkhana kuseri kwa mpanda, aliyense akuyenda chonyang'ama. Zii. Tsamba linagwa. Phulusa sanaliyang'ane nkomwe. Nyani anadutsa panjinga, koma kampata kanali kotseka. M'nyumba ya woweruza munayamba kumveka mkonono, woyamba pa miyezi itatu.

Fisi anaona kuti ndiwo zikumuthawa. Anayamba kuyenda m'mbali mwa mpanda akukhwekhwereza mapazi. Zii. Anatsokomola. Zii. Analanda njinga ya Nyani naliza belu, ngiri ngiri! Phulusa anatukula khutu limodzi. Anatukula mutu. Pakamwa panayamba kutseguka.

Mbuzi anatseka maso.

Phulusa anayang'ana kumwamba, ngati akukumbukira malamulo atsopano. Anatseka pakamwa. Mbewa phi. Anaiwakha, nabwerera pafupa lake.

Pamenepo Fisi anapenga. Anakwera pampanda, nakuwa ndi mawu ake onse:

"Uwa, galu iwe! Uwa! Ndagula mchere ine! Huwiii!"

Windo linatseguka. Maso awiri ofiira anasuzumira.

"Wauwa ndani?"

Mudzi wonse unaloza Fisi.

"Vula chipewa," anatero Kadzidzi. "Kuyambira lero ndisadzakuonenso masana. Galu wapambana mlandu. Aliyense kwawo, mwakachetechete."

Koma asanabalalike, Phulusa anadzuka, nafunsa pamaso pa onse:

"Aphunzitsi, ndiye ndisamauwenso mpaka kufa?"

Likongwe anafuna kunena kuti eya, mpaka kufa, ngakhale m'manda. Koma Mbuzi anamutsogolera.

"Galu wosauwa nkomwe ndi wa ntchito yanji? Tamuuza, mphunzitsi."

Maso onse anali pa iye, a woweruza omwe. Likongwe anakhosomola, naimirira ngati munthu wolemekezeka.

"Masamba alekeni. Odutsa alekeni. Muziuwa wakuba akalowa pakhomo basi. Kawiri kokha, anthu amva."

Anthu anaomba m'manja chapansipansi. Mumtima Likongwe ankaseka. "Galu ndi galu," anatero. "Mlandu watha, chingwe chibwerera, adona atopa kootcha. Sabata isanathe adzakhala akuuwa gulugufe, ine nkufundanso bulangete langa."

Apa ndi pamene wochenjera anaphonya. Mbuzi anali ndi maso. Chingwe chija anachiponya pamoto tsiku lomwelo. M'mawa uliwonse Phulusa ankanyamula dengu kuperekeza mbuyake kumsika, nkubwerera yekha chothamanga kudzalonda pakhomo, miyendo itakhuta. Adona sanatope, poti mwamuna wogona bwino amakoma m'nyumba, ndipo mbewa zinapitiriza kugwa pa galu wachete. Kampata kaja Mbuzi anakamata ndi dothi.

Sabata inatha. Zii. Yachiwiri inatha. Zii. Likongwe ankadya ziwala, nthiti zikuwerengeka. Anayesa kubweza zimene anaphunzitsa.

"Achimwene, taonani, tsamba lagwa!"

"Ligwe."

"Mukumva belu? Nyani uja wabwera kudzaba!"

"Akudutsa. Njira yake ndi imeneyo. Munandiuza nokha, aphunzitsi."

"Nanga khosi silikuyabwa? Kuuwa pang'ono kumatsuka m'chifuwa."

"Kulibe malipiro."

Njala ilibe manyazi. Tsiku lina masana Likongwe analowa pachibowo chake. Phulusa anali atagona pamthunzi, mutu pamiyendo.

"Wawa achimwene."

"Wawa aphunzitsi. Ulendo wa kuti?"

"Kukaona nkhuku. Ndamva kuti ina ikudwala chitopa."

"Mwayambanso udokotala wa nkhuku?"

"Maphunziro satha."

Analowa m'khola. Dzira linali pomwepo, lalikulu, lofunda. Analigubuduza kutuluka nalo. Galu anangomuyang'ana. Likongwe mtima unakhala pansi. "Ndi mnzanga uyu," anatero mumtima, "ndinamupulumutsa m'kamwa mwa Fisi." Ndipo chimwemwe chitamukwera, chizolowezi chinamugwira pakhosi. Anayamba kanyimbo kake kaja, ka bulangete, ka chiguduli, ka pakamwa pa galu. Atafika pamalo ovomera, anasiya mpata monga kale.

Phulusa anaimirira.

"Dziralo ndi lanu, aphunzitsi?"

"Ndikukaliyeza ndibwera nalo."

"Pepani aphunzitsi. Munati kawiri kokha."

Ndipo anavomera nyimbo. Kawiri.

Mudzi umene unali usanamve mawu a Phulusa masabata awiri unadzuka wonse ngati walumidwa ndi linthumbu. Zitseko phwa, phwa, phwa. Njati ndi chikoti chake. Nyani anataya njinga. Nkhuku zinakuwa. Ngakhale Bilimankhwe ananyamuka, ngakhale kuti anafika mawa lake.

Likongwe anasiya dzira, phazi thandize. Pansi pa nkhokwe, anapeza Phulusa ali kale kotulukira. Kuseri kwa bafa, Phulusa ali pomwepo, mchira ukugwedezeka.

"Njira iyinso munandionetsa, aphunzitsi!"

"Ndinakupulumutsa, galu wosayamika iwe!"

"Nchifukwa chake sindikuluma. Ndikungotseka njira."

Inatsala imodzi, chibowo cha pansi pa mpanda. Likongwe anadziponya. Mutu unadutsa, mimba inadutsa poti munalibe kanthu, koma kuseriko kunali adona a Kadzidzi, atachoka pamoto wawo wa mbewa ndi chikuni chamoto m'manja.

"Bambo angogona kumene!" anatero, nachitsitsa chikunicho pansonga ya mchira.

Fungo la ubweya wopserera linamveka mpaka kumsika.

Nchifukwa chake mukamuona Likongwe akudutsa msewu masana, liwiro, osayang'ana kumbuyo, nsonga ya mchira wake ndi yakuda mpaka lero. Nyimbo ija nkhuku zinailanda. Zimaimba zikangoikira, mokweza kuti amve kutchire, ndipo mawu zinasintha: zimati panali wina anachapa bulangete lake mpaka linayera, bulangetelo nkumuluma.

Likongwe amayendabe akuuza aliyense kuti galu wa Mbuzi anamuchiritsa ndi iyeyo, ndipo palibe anamuthokoza. Sakunama. Sing'anga wa chithumwa anadya nkhuku ziwiri. Sajeni wokuwa anamwa mowa. Amene anakhala pansi nkufunsa galu chimene chikumuvuta analandira chikuni. Dziko ndi lotero, ndipo silinayambe lero. Koma naye asatinyanse, dziralo linali la eni.

Nthano yathera pamchira pomwepo. Amene munakwirira mbatata paphulusa kaphuleni, zanga zinapserera kale.